Moto umene unali kubuka injini ili yozima

Tinazolowela kuganiza kuti motoka imapsa injini ikatentha kwambili. Koma ku America, ma pickup a Ford F-150 anali kugwila moto usiku ali m'galaji, kiyi ili m'thumba mwa mwiniwake. Nyumba zina zinapsela kumodzi.

Vuto inali pa kaswici ka cruise control, kopangidwa na Texas Instruments. Kanali kulandila magetsi nthawi zonse, ngakhale injini ili yozima. Mafuta a mabuleki akadonthela mkati, kanali kucita dzimbili, kutentha, kenako kuyaka.

Mu 2005 Ford inaitanitsa motoka zoposa 4 miliyoni kuti zikakonzedwe. Pofika 2009, motoka zamitundumitundu zoitanitsidwa zinapitilila 14 miliyoni. Anazikonza poikapo waya wokhala na fyuzi. Tizikumbukila zimenezi tikaona makanika akumanga waya pamalo pa fyuzi yakupsa.