Chibudu ndi Mpeni wa Mlendo ku Chitungwiza

Makolo athu, amene sadali anthu otaya chakudya chisawawa, adasiyanitsa nyama ziwiri zimene pa mbale zimaoneka ngati imodzi: ina ndi ija imene munthu waizinga ndi mpeni, mwazi wake n'kukhetsedwa pansi anthu akuona, ndipo inzake ndi ija imene yapezeka m'mamawa itauma gwa m'khola, popanda wodziwa chimene chaipha. Yachiwiriyi adaitcha chibudu. Nkhuku yofa ndi chitopa, nkhumba yogwa ndi chigodola, mbuzi yodzipotokola ndi chingwe chake usiku, zonsezo zidali zibudu. Ndipo chinkana tisaname kuti sizinkadyedwa, pakuti m'nyengo ya njala, monga ija ya 1949, mimba siinkafunsa mbiri ya ndiwo, wakudyayo ankadya akudziwa chimene akudya, ndipo sakadayerekeza kuikira mlendo wolemekezeka. Pamudzi imfa ya chiweto siinkabisika: ana ankaiona, atsibweni ankaimva, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo ngakhale anyakwawa adali ataidziwa kale.

Mboni zoterezi n'zimene adazisiya m'mbuyo amuna a ku Nyasaland amene adawoloka Zambezi kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia, ena pansi kudzera ku Tete, ena pa magalimoto a Ulere, enanso atalembedwa ndi Mthandizi, makamaka m'zaka za chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963. Ambiri adathera m'migodi ndi m'mafamu a fodya, koma ena adafika ku Salisbury, ndipo pamene boma la azungu lidayamba kukankhira antchito akuda kutali ndi mzinda, kutsidya kwa mtsinje wa Hunyani umene lero ukutchedwa Manyame, iwonso adapezeka ku St Mary's, ku Seke ndi ku Zengeza, malokeshoni atatu amene m'chaka cha 1978 adaphatikizidwa kukhala Chitungwiza. Mshona wogwira ntchito m'tauni adali ndi kwawo kumene ankapitako pakutha pa mwezi, kumene kudali khola la atate wake. Koma mtchona, amene eni dziko ankamunyoza ndi dzina lakuti Munyasarande, adalibe khola ngakhale munda wa makolo m'dziko limenelo, kotero kuti nthuli iliyonse yolowa mumphika mwake idali yogula kwa munthu wosamudziwa, yochokera ku chiweto chimene sadachione chikuyenda.

Pamenepa ndi pamene padaonekera nzeru ya mwambi uja wakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Pakati pa obwerawo padali Ayao ambiri a ku Mangochi ndi ku Machinga, otchedwa Achawa, amene chipembedzo chawo cha Chisilamu chimaletsa nyama yofa yokha, yopotoledwa kapena yophedwa ndi chilombo, ndipo chimalamula kuti chiweto chizingidwe chili chamoyo, dzina la Mulungu litatchulidwa. Monga zimachitikira kwathu mpaka lero, pa maliro ndi pa ukwati mbuzi inkaperekedwa kwa Msilamu kuti aizinge, n'cholinga chakuti pasakhale wina wobweza mbale. Ndipo pakati pa matchona, amene mabungwe awo a maliro ankasonkhanitsa Mchewa, Mlomwe, Mngoni ndi Myao pa siwa imodzi, mwambowo udali wofunika koposa. Akhristu sadaone chachilendo m'menemo, pakuti buku la Levitiko ndi la Deuteronomo amaletsanso nyama yofa yokha, ndipo m'buku la Machitidwe a Atumwi msonkhano wa ku Yerusalemu udasunga chiletso cha zopotola ndi mwazi pamene udamasula amitundu ku zolemetsa zina. Ine ndimayesa kuti mpeni wa shehe udachita zambiri posunga mtendere pakati pa mitundu imeneyi kuposa zimene mabuku a mbiri amavomereza, popeza anthu amene adyera mphika umodzi mopanda chikayiko sachedwa kukhululukirana zina.

Boma nalo lidali ndi mboni yake, ndiyo chidindo. Lamulo la zaumoyo la 1924 lidatsegula njira yoyendera malo ophera nyama, ndipo Cold Storage Commission, imene idakhazikitsidwa mu 1937, idagwira malonda a ng'ombe m'dziko lonse kwa zaka makumimakumi. Woyendera ankapenya mapapo, chiwindi ndi mwanabere, nadinda nyama imene waivomereza. Sitinganene kuti zonsezi adazichitira chifundo pa munthu wakuda, amene kawirikawiri ankalandira zotsala pamene minofu yabwino inkapita ku matebulo a azungu ndi kumaiko akunja. Komabe nyama ya m'butchala idali ndi wina woiyankhira.

Chimene chibudu chingachite chikasowa woletsa chidaoneka m'zaka zotsiriza za nkhondo ya ufulu. Madibi a kumidzi atatsekedwa, katemera wa ziweto atalekeka, ndi alangizi atathawa chifukwa cha mfuti, matenda a anthrax adabuka chakumapeto kwa 1978, ndipo pofika kumapeto kwa 1980 anthu oposa 10,000 adali atadwala, pafupifupi onse a m'madera amene atsamunda adapatulira anthu akuda, ndipo 182 adalembedwa kuti adamwalira. Uwu ndi umodzi mwa miliri ya anthrax yaikulu koposa imene idalembedwapo pakati pa anthu. Ambiri adautenga posenda ng'ombe zofa zokha, ponyamula zikopa ndi pogawana nyama, pakuti ndani, nkhondo ili pakhomo ndi nkhokwe zili mbee, akadakwirira ng'ombe yathunthu? Kachilombo kake n'kouma mtima, kamagona m'nthaka zaka zambiri kudikira msipu, ndipo n'chifukwa chake odziwa za ziweto amati chiweto chofa mwadzidzidzi, chotuluka magazi m'mphuno ndi kumbuyo, chisatumbulidwe konse, koma chitenthedwe kapena chikwiriridwe m'dzenje lakuya. M'masiku omwewo othawa nkhondo ankadzaza zisakasa za ku Chirambahuyo, pafupi ndi Zengeza, ndipo n'kutheka kuti anthu a m'tauni yatsopanoyo adamva za mliriwo kuchokera pakamwa pa ouona.

Ufulu utabwera padapita zaka zingapo zabata pa malonda a nyama. Kenaka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi adatseka msika wa ku Ulaya mu 2001, Cold Storage idafooka, ndipo pofika 2008, chaka chimene ndalama idasanduka mapepala ndi kolera adabuka ku Chitungwiza komweko m'mwezi wa Ogasiti, m'masitolo mudalibe kanthu, ndipo nyama idasamukira m'mabeseni ndi m'zidebe za m'mbali mwa msewu, kumene chidindo sichifika. Chiyambire 2017 matenda a nkhupakupa amene kumeneko amati January disease, chifukwa amakula m'nyengo ya mvula, apululanso ng'ombe zankhaninkhani m'midzi ya Mashonaland. Ndipo mlimi amene ng'ombe yake ikupuma mobanika, pamene wogula wafika ndi galimoto ndi ndalama m'manja, amayesedwa ndi yesero limene olungama ochepa okha angalipirire. Sindikumuweruza mlimiyo kwambiri. Amene ndikumuweruza ndi wogulayo, amene amadziwa bwino lomwe chimene wanyamula, nakachiduladula usiku kuti chifanane ndi nyama ina iliyonse.

Lero adzukulu a matchona aja ambiri amalankhula Chishona, ndipo utsi wa kanyenya, amene iwo amati gochigochi, umakwera madzulo alionse pa Chikwanha ndi pa Makoni, kumene wogula amasankha nthuli poyang'ana kunona ndi kutsika mtengo, osakumbuka kuti safunsa adadya phula. Agogo awo, amene sadaphunzire za tizilombo tosaoneka ndi maso, adali ndi funso limodzi lokha, lakuti nyamayi adaizinga ndani, ndipo lidawasunga. Inu a ku St Mary's, ku Zengeza ndi ku Seke, mukaona nyama yotchipa mopitirira muyeso, yakuda ndi yodzala magazi oundana, musachite manyazi kufunsa kuti idazingidwa kuti, adaizinga ndani, ndipo chidindo chake chili pati. Wogulitsa akayamba kuzungulira, bwezani ndalama yanu m'thumba.