Liu la epiousios m'pemphero la Atate Athu

Pamene tipempha chakudya m'pemphero la Atate Athu, Chigriki cha Mateyo 6:11 ndi Luka 11:3 chili ndi liu lovuta, epiousios. Origen sanalipeze m'mabuku ena onse a Agriki, choncho anaganiza kuti alembi a Uthenga Wabwino ndiwo analipeka. Jerome Woyera nayenso anagwira njakata: mwa Luka anasiya quotidianum, cha tsiku ndi tsiku, koma mwa Mateyo analemba supersubstantialem, limene ambiri analimva ngati lonena za Ukaristia.

Mu 1889 Sayce anati walipeza pa pepala la gumbwa la ku Egypt, pa mndandanda wa zogula zapakhomo. Pepalalo linasoŵa. Litapezekanso ku Yale mu 1998, kunaoneka kuti mkuluyu anaŵerenga molakwa: panalembedwa elaiou, mafuta chabe.