Miliyoni (1,000,000)

Miliyoni ndi nambala yathunthu yotsatira 999,999, ndipo ndiyo yaing'ono koposa mwa nambala za manambala 7. Ndi chikwi chochulukitsidwa ndi chikwi.

Mapangidwe ake: miliyoni imapezeka pochulukitsa 10 kasanu n'kamodzi, 10 × 10 × 10 × 10 × 10 × 10. Imapezekanso ngati 1,000 × 1,000 kapena 100 × 100 × 100. Mwa nambala zosagawika, zimene zimagawika ndi 1 ndi izo zokha basi, ziwiri zokha ndizo zimaimanga: 2 ndi 5, iliyonse kasanu n'kamodzi.

Gulu lake: imagawika ndi 2 popanda chotsala. Nambala zoigawa ndendende zilipo 49. Tikaphatikiza zonsezo kupatula miliyoni yeniyeniyo timapeza 1,480,437, choncho ili m'gulu la nambala zimene zozigawa zake zikaphatikizidwa zimaziposa. Pansi pake pali nambala zosagawika 78,498, yomaliza ndi 999,983, ndipo yoyamba pamwamba pake ndi 1,000,003. Masekondi miliyoni ndi masiku 11, maola 13, mphindi 46 ndi masekondi 40.

Pa ndalama: osintha ndalama pachipata cha Mwami, pakati pa Chipata ndi Mchinji, amaidziwa bwino nambalayi. Ku Malawi, mapepala 200 a K5,000 amakwana miliyoni. Ku Zambia, mapepala 20 akale a K50,000 ankakwana miliyoni, koma pa 1 Januwale 2013 Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha, ndipo K1,000,000 inasanduka K1,000.