Mmene parishi za ku Tsangano ndi Macanga zinaphunzirira kuyenda popanda wansembe

Parishi ya Katolika m'maboma a Tsangano ndi Macanga, kumpoto kwa chigawo cha Tete ku Mozambique, imakhala ndi tchalitchi chachikulu chimodzi pamene pamakhala ansembe, ndi nthambi zambirimbiri zomwazikana m'midzi ya m'mapiri. Kuchoka pa likulu la parishi kukafika ku nthambi yakutali ndi ulendo wa maola angapo pa njinga yamoto, ndipo mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale misewu ina imaduka. Choncho Lamulungu lililonse akhristu ochuluka a dera lino amapemphera popanda wansembe, ndipo za mkati mwa sabata amayendetsa okha. Pali mawu ofala akuti dongosolo limeneli anasiya ndi ansembe achizungu a nthawi ya Apwitikizi, ndi kuti mpingo unayamba kufooka iwo atachoka. Zaka zikandandalikidwa bwino, mawuwa amapezeka kuti ngoona mbali imodzi yokha. Nyumba zikuluzikulu zinamangidwadi m'nthawi ya atsamunda, koma moyo wa parishi wa sabata ndi sabata unaumbika pambuyo pa 1975, ansembe atachepa.

Chikhristu chinafika msanga m'chigwa cha Zambezi koma chinachedwa kukwera mapiri. Wansembe wa chipani cha Ajezuiti, Gonçalo da Silveira, anadutsa pa Tete mu 1560 pa ulendo wake wa kwa Mwenemutapa, kumene anakaphedwa chaka chotsatira. Amene anabwera pambuyo pake anakhazikika m'mbali mwa mtsinje, ndipo mu 1759 Ajezuiti anachotsedwa m'maiko onse olamulidwa ndi Portugal. M'zaka za m'ma 1800 dziko la Macanga linali m'manja mwa banja la Caetano Pereira, limene ulamuliro wake unatha mu 1902, pamene Angoni a Maseko anali atakhazikika mozungulira phiri la Domwe. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linadula malire pakati pa Achewa ndi Angoni a mafuko amodzi, ena n'kugwera ku Nyasaland, ena ku Mozambique.

Ajezuiti atabwerera ku Zambezi anatsegula mishoni ya Boroma mu 1885. Kutsidya kwa malire ansembe a Montfort anakhazikika ku Nzama, ku Ntcheu, mu 1901, ndipo a White Fathers anatsegula Mua mu 1902. Mishoni yoyamba ya Katolika pa mapiri a Angónia inali Lifidzi, imene Ajezuiti anaiyamba kutangotsala pang'ono kuti ufumu wa ku Portugal ugwe mu Okutobala 1910. Ulamuliro watsopanowo unachotsanso Ajezuiti. M'malo mwawo munalowa ansembe achijeremani a chipani cha Mawu a Mulungu, amenenso anachotsedwa pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pasanathe zaka khumi, mishoni imodzi inali itasintha eni kawiri chifukwa cha ndale za ku Ulaya.

Zinthu zinakhazikika ndi mapangano awiri amene Portugal ndi likulu la mpingo ku Roma anasainirana pa 7 Meyi 1940, ndi lamulo la mamishoni la 1941, limene linaika maphunziro oyambirira a ana achikuda m'manja mwa mamishoni a Katolika. Ajezuiti anabwerera ku Lifidzi mu 1941, ndipo mu 1945 anatsegula Fonte Boa, imene lero ili m'boma la Tsangano. Ku Macanga kunadzatsegulidwa mishoni ya Chiritse. Dayosizi ya Tete inakhazikitsidwa mu 1962, itapatulidwa ku ya Beira.

Sabata ya mkhristu m'zaka zimenezo inkazungulira pa mishoni. Pamenepo panali sukulu, malo ogonera ana, chipatala, minda ndi malo ophunzirira ntchito zamanja. M'midzi munali timasukulu, ndipo mphunzitsi wake ndiye anali mkatekisi: ankaphunzitsa Chipwitikizi m'mawa, katekisimu madzulo, n'kutsogolera mapemphero Lamulungu. Pa Khirisimasi ndi Pasaka anthu ankayenda wapansi kupita ku mishoni, ena ulendo wa tsiku lathunthu, kukalapa ndi kukamva Misa imene inkachitika m'Chilatini kufikira msonkhano waukulu wa Vatican II wa 1962 mpaka 1965 unalola zilankhulo za anthu. Wofuna ubatizo ankayenera kusiya dambwe, ndipo mkangano wa mpingo ndi gule wamkulu unagawa midzi yambiri ya Achewa. Dongosololi linaphunzitsa anthu ambiri kuwerenga, ndipo izi palibe angakane. Chilema chake chinali chakuti zonse zinkatsamira pa malo amodzi, pa wansembe wochokera kunja ndi pa ubale wa mpingo ndi ulamuliro wa atsamunda. Mkhristu wamba anali wolandira chabe, ndipo chilichonse chogwedeza mishoni chinkatha kugwetsa zonse nthawi imodzi.

Kugwedezekako kunabwera ndi ufulu wa pa 25 Juni 1975. Pa 24 Julayi chaka chomwecho masukulu ndi zipatala zonse zinalowa m'manja mwa boma, ndipo nyumba zambiri za mishoni zinapita limodzi nazo. Amishonale ambiri anabwerera kwawo. Aphunzitsi amene kale ankagwiranso ntchito ya ukatekisi anasanduka antchito a boma m'nthawi imene chipembedzo chinkaonedwa ngati chotsalira cha utsamunda. Mu Sepitembala 1977 mpingo wa Katolika wa dziko lonse unakumana ku Beira n'kugwirizana kuti uyimirire pa magulu ang'onoang'ono a akhristu, ndi kuti ntchito zigawidwe kwa akhristu eni ake osalipidwa: wina wolalika Mawu, wina wophunzitsa akatekumeni, wina woyendera odwala, wina woika maliro, wina wosunga chuma. Ku Malawi maganizo omwewa anali atayamba kale. Maepiskopi a kum'mawa kwa Africa a bungwe la AMECEA anawakambirana mu 1973 ndi mu 1976, ndipo Ambuye Patrick Kalilombe anachititsa msonkhano wa dayosizi ya Lilongwe pakati pa 1973 ndi 1975 pa mutu wakuti mpingo ndife tonse. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Malawi anasankha njirayi ansembe alipo, pamene ku Mozambique kunalibe njira ina.

Nkhani ya ku Chapotera ikuonetsa bwino mmene zinthu zinalili. Nyumba za ku Lifidzi zitachoka m'manja mwa mpingo, Ajezuiti otsala anakakhala pa Chapotera, mudzi wa pafupi, m'nyumba wamba pakati pa anthu. Podzafika 1985 nkhondo ya pachiweniweni inali itakwera mapiri a Angónia, amene panthawiyo ankaphatikiza ndi Tsangano, popeza Tsangano linadzakhala boma palokha mu 1986. Pakati pa ansembe amene ankakhala pa Chapotera panali Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia komweko wobadwa mu 1930, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, wobadwa mu 1941. Sanali ndi sukulu yoti ayendetse kapena chipatala choti ayang'anire. Ntchito yawo inali kuyendera magulu a akhristu m'midzi, kuphunzitsa atsogoleri ake, kudalitsa maukwati, kuika maliro amene nkhondo inkachulukitsa, ndi kudandaula poyera za nkhanza zimene anthu wamba ankachitiridwa. Pa 30 Okutobala 1985 anthu onyamula mfuti anawatenga pa nyumba yawo n'kukawapha. Mitembo yawo inapezeka patapita masiku angapo.

Mwa kaganizidwe ka mishoni yakale, pamenepo mpingo wa dera lino ukanathera. Ansembe awiriwo anali ataphedwa, nyumba zinali zitapita, ndipo miyezi yotsatira midzi yathunthu inasamuka. Amene anatsala ankasonkhanabe pansi pa mitengo kapena m'nyumba za anthu, mtsogoleri n'kuwerenga Mawu, n'kubatiza ana amene anali pafupi kufa, n'kulemba maina m'kope podikira tsiku limene wansembe adzafike. Ambiri anaolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Malawi inalandira othawa nkhondo a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, ndipo m'maboma awiriwa ambiri sanaikidwe m'misasa yotchingidwa, anakhala m'midzi ya abale awo a fuko ndi chilankhulo chimodzi. Kumeneko analowa m'magulu ang'onoang'ono a akhristu, amene ku Malawi amawatchula kuti malimana kapena miphakati, anaimba m'makwaya, ana awo anabatizidwa ndi kulandira Ukaristia m'maparishi a dayosizi ya Dedza. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kwawo m'zaka zitatu zotsatira atanyamula mabuku a nyimbo ndi a mapemphero a Chichewa, pamodzi ndi chizolowezi chokumana mkati mwa sabata. Zimene zinagwirizanidwa ku Beira ndi zimene zinaphunziridwa ku Malawi zinakumana pamenepo, ndipo parishi ya lero inabadwa mwa ziwirizi.

Sabata ya parishiyo imayamba Lamulungu m'mawa. Pa likulu pamakhala Misa, kawirikawiri m'Chichewa, ndi Chipwitikizi pang'ono chifukwa cha aphunzitsi, anamwino ndi antchito ena a boma ochokera ku zigawo zina. Ku nthambi kumakhala mapemphero a Mawu a Mulungu: mtsogoleri amatsegula, owerenga amawerenga mawerengo a tsikulo, wina amalalika, kwaya imaimba ndi ng'oma ndi visekese, ndipo kumene kuli mtumiki wa Ukaristia anthu amalandira Ukaristia wodalitsidwa kale ndi wansembe. Mapemphero akatha palibe amathamangira kunyumba. Zolengeza zimatenga nthawi yaitali, pena kuposa ulaliki, chifukwa m'menemo ndi mmene mumamveka za maukwati amene akubwera, odwala, tsiku loumba njerwa ndi tsiku limene bambo mfumu adzafike. Tsiku la wansembelo limakhala lodzaza: kulapitsa, kufunsa akatekumeni, kubatiza, kumanga maukwati, kumva milandu ya m'mabanja ndi kuona mabuku a ndalama, zonse dzuwa lisanalowe.

Mkati mwa sabata ntchito imatsikira ku magulu ang'onoang'ono a mabanja oyandikana. Amakumana pakhomo pa mmodzi wa iwo mosinthanasinthana, nthawi zambiri masana anthu ataweruka kumunda, n'kuwerenga Mthenga Wabwino wa Lamulungu likudzalo, kupemphera kolona ndi kusonkha kangachepe ka odwala ndi amasiye. Gululi ndi limene limachitira umboni munthu wofuna ubatizo kapena ukwati, ndipo bambo mfumu savomera dzina limene silinadutse kumeneko. Amayi ndiwo ochuluka pa misonkhanoyi, ngakhale mipando yambiri ya utsogoleri idakali ya abambo. Kwaya imakonzekera kawiri kapena katatu pa sabata, ana ndi akatekumeni amaphunzira katekisimu Loweruka, ndipo Loweruka lomwelo gulu limene lili pa ndandanda limasesa ndi kukongoletsa tchalitchi. Maliro amaimitsa zonsezi. Akhristu amagona pa siwa akuimba, amasonkha ufa ndi nkhuni, ndipo mwambo wa kumanda amatsogolera ndi mkhristu mnzawo, popeza wansembe sangafike pa maliro onse.

Kalendala ya mpingo imayenda limodzi ndi ya kumunda. Lenti imagwa chimanga chili m'munda, nkhokwe zambiri zitapepuka, ndipo njira ya mtanda ya Lachisanu imachitika anthu akuchokera kumunda. Zopereka zimachuluka pambuyo pa zokolola, pamene alimi a ku Tsangano agulitsa mbatata ya kachewere ndi tirigu, a ku Macanga agulitsa fodya, ndipo ambiri amapereka chimanga ndi nyemba m'malo mwa ndalama. M'nthambi za m'malire mbale ya chopereka imalandira metical ndi kwacha yomwe. Maubatizo ambiri, maukwati ndi maulendo a episkopi odzapereka ulimbitso amaikidwa m'chilimwe, misewu itauma.

Mtendere unabweretsanso ansembe, asisiteri ndi amishonale ena, koma sunachotse ngozi zonse. Usiku wa pa 6 Novembala 2006 achifwamba okhala ndi mfuti anathyola mishoni ya Fonte Boa n'kupha wansembe wachijezuiti wa ku Brazil ndi mayi wa ku Portugal amene anadzipereka kudzagwira ntchito ya mpingo. Mishoniyo sinatsekedwe, ndipo pambuyo pake Ajezuiti anatsegula sukulu ya sekondale ya Inácio de Loyola ku Msaladzi, m'boma lomwelo la Tsangano. Vuto limene likuoneka tsopano ndi lina: nyumba za mishoni zikamakonzedwa ndi thandizo lakunja, chizolowezi chakale chodikira zonse kwa abambo chimabwerera mosavuta, ndipo atsogoleri amene anasunga mpingo m'nthawi ya nkhondo akukalamba pamene achinyamata ambiri akupita ku Tete, ku Moatize ndi ku Joni kukafuna ntchito. Dayosizi ya Tete, imene kuyambira 2019 akuitsogolera Ambuye Diamantino Antunes, inatsegula ndondomeko yopempha Roma kuti ansembe awiri a ku Chapotera atchulidwe odala, ndipo akhristu amasonkhana pamalopo kukumbukira tsiku la 30 Okutobala. Ambiri mwa amene amapita kumeneko amachokera ku nthambi zimene zimaona wansembe kangapo kokha pa chaka.