Toyota

Toyota ndi kampani ya ku Japan yopanga galimoto, imene Kiichiro Toyoda anaikhazikitsa mu 1937. Ku Mbayani, mumzinda wa Blantyre, imadziwika ndi minibasi za HiAce, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1967, komanso Sienta zonyamula anthu. Zambiri zimafika zitayendapo kale ku Japan, kudzera padoko la Dar es Salaam. Eni ake amazitama kuti n'zolimba, koma chimene chimazisunga pamsewu kwenikweni n'chakuti masipeyala ake sasowa ndipo amakaniko anazizolowera. Ena amatsutsa poloza minibasi zofuka utsi zimene zimafera panjira ya ku Chirimba. Komatu galimoto yokalamba, yonyamula mopyola muyeso, yoikidwa masipeyala achinyengo, singalimbe ngakhale itapangidwa ndi kampani iti. Wogula ayambe wafunsa mtengo wa masipeyala asanapereke ndalama.