Chithandizo cha kuchipatala kwa anthu osauka mumzinda wa Bulawayo

Ku Zimbabwe, anthu amene ali pa inshulansi ya zaumoyo sapitirira mmodzi mwa khumi aliwonse. Otsalawo akadwala amadalira zipatala za boma, za mishoni ndi za makhonsolo. Mu Bulawayo, womwe ndi mzinda wachiwiri pa kukula m'dzikolo, wodwala amayambira ku zipatala zing'onozing'ono za khonsolo ya mzindawo, zomwe zili m'malokeshoni monga Mzilikazi, Njube, Luveve, Pelandaba ndi Nkulumane. Kumeneko anamwino amachititsa sikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera, amabaya katemera, komanso amapereka mankhwala a TB ndi otalikitsa moyo. Matenda akakula, wodwala amatumizidwa ku Mpilo, chipatala chachikulu cha boma chomwe chidatsegulidwa mu 1958, kapena ku United Bulawayo Hospitals.

Dziko litangolandira ufulu mu 1980, boma lidalamula kuti aliyense wolandira ndalama zosapitirira madola 150 a Zimbabwe pamwezi azithandizidwa mwaulere. Zinthu zidasintha kuyambira mu 1991, pamene ndondomeko yokonzanso chuma ya ESAP idachititsa kuti zipatala ziyambe kulipiritsa mokhwimitsa. Mu 1992 malire aja adakwezedwa kufika pa madola 400, koma wosauka amayenera kupereka umboni wa umphawi wake, zomwe zinali zovuta kwa wogulitsa tomato pamsika amene salandira malipiro olembedwa.

Mfundo ya boma imati ana osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera ndi okalamba opitirira zaka 65 asamalipire. Vuto ndi lakuti zipatala za m'malokeshoni si za unduna wa zaumoyo. Zimayendera ndalama zimene khonsolo imatolera kwa eni nyumba ndi kwa odwala omwewo, pamene thandizo lochokera kuboma lakhala losakwanira. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri lonjezo loperekedwa ku Harare silinkafika lonse pa zenera lolipirira ku Njube.

Wosowa kotheratu ali ndi njira ina. Amapita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, komwe akamufunsa za moyo wake amamulembera kalata yotchedwa Assisted Medical Treatment Order, mwachidule AMTO. Ndi kalatayi amathandizidwa kuchipatala cha boma, ndipo bomalo limayenera kubweza ndalamazo pambuyo pake. Kubwezako kwakhala kukuchedwa, moti zipatala zakhala zikudandaula za ngongole. Komanso mankhwala akatha kuchipatala, kalatayo ilibe ntchito ku sitolo ya mankhwala ya m'tauni.

Mipata ina yatsekedwa ndi ndalama zapadera. Msonkho wa Edzi, womwe ndi 3 peresenti ya msonkho wa pa malipiro, udakhazikitsidwa mu 1999, ndipo mu 2004 Mpilo idali m'gulu la zipatala zoyamba za boma kupereka mankhwala otalikitsa moyo. Mu 2014, ndi ndalama za World Bank, mudayamba ndondomeko ya makuponi a amayi osauka oyembekezera mu Harare ndi mu Bulawayo.

Gawo 76 la malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 limapereka ufulu wa chithandizo choyambirira kwa nzika ndi kwa okhazikika m'dzikolo, ndipo limaletsa kubweza munthu aliyense wodwala mwakayakaya. Komabe kukhala nzika kumafuna chiphaso. Lipoti la Amnesty International la mu 2021 lidasonyeza kuti ana ndi zidzukulu za anthu omwe adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, pamodzi ndi mabanja a ku Matabeleland omwe adataya makolo pa nkhanza za Gukurahundi m'zaka za m'ma 1980, ambiri alibe ziphaso zobadwira, ndipo amavutika kupeza chithandizo cha kuchipatala.