Kodi Chipidigoli Chingadyetse Munthu?

Nyengo yokolola ikatha, mabwalo a m'midzi ya ku Nambuma, Kabudula ndi Nsaru amadzaza ndi anthu odzaonerera Gule Wamkulu. Pakati pa zilombo zotuluka ku dambwe pamakhala Makanja, amene amayenda pa miyendo yaitali zedi, mutu kupitirira tsindwi la nyumba, koma osagwa. M'mawa mwake ana amapezeka pa mchenga wa kumtsinje akupikisana chipidigoli ndi kuyenda chadodolido. Apa m'pamene makolo amafunsa kuti, kodi luso lotere lingadyetse munthu?

Gule Wamkulu ndi mwambo wa makolo, ndipo m'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO lidauzindikira monga chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Amavinidwa pa maliro, pa chinamwali ndi polonga ufumu. Si ntchito ya malipiro ayi. Koma kumaiko ena luso la thupi lidasanduka ntchito yolandirapo ndalama, ndipo masewero ake amatchedwa circus.

Chiyambi chake chili mu mzinda wa London. M'chaka cha 1768, Philip Astley, amene adali msilikali wa pa kavalo, adayamba kuonetsa anthu luso lake loimirira pa msana wa kavalo wothamanga. Iye adaona kuti kavalo akamathamanga mozungulira bwalo, wokwerayo amakhazikika bwino, ndiponso oonerera onse amaona chilichonse. Pofuna kuti anthu asatope, adalemba ntchito anthu anthabwala, oyenda pa chingwe ndi ochita chipidigoli. Oonerera ankalipira pakhomo, ndipo ndalama zimenezo ndizo zidasandutsa masewero kukhala ntchito.

Ntchitoyi idakula, koma pamodzi ndi zoopsa zake. M'chaka cha 1859, Jules Léotard adadabwitsa anthu a ku Paris polumpha m'malere kuchoka pa katungwe wina kukagwira wina. Chaka chomwecho Charles Blondin adaoloka phompho la mtsinje wa Niagara poyenda pa chingwe. Koma Karl Wallenda, katswiri wodziwika wa pa chingwe, adagwa nafa ku San Juan m'chaka cha 1978, ali ndi zaka 73. Papsa tonola sudziwa mtima wa moto: mu ntchito imeneyi ngakhale wozolowera samasuka.

Kummwera kwa Africa kuno, dzina lomveka lidali la Boswell Wilkie, gulu lomwe lidabadwa m'chaka cha 1963 pamene magulu awiri a ku South Africa adaphatikizana. Linkayenda pa sitima ya pamtunda, litanyamula chihema chachikulu, mikango ndi njovu. Masiku a tsankho amenewo, anthu akuda ambiri ankalembedwa ntchito yozika hema ndi kudyetsa nyama, pamene mayina otchuka m'bwalo adali a Azungu. Gululi lidasiya kuyendayenda m'chaka cha 2001.

Chitsanzo chapafupi chidachokera ku Chibolya, komboni ya mu Lusaka komwe Chinyanja chimamveka pakhomo paliponse. Anyamata a kumeneko, mmodzi mwa iwo Gift Chansa, adayamba chipidigoli pa fumbi monga achitira ana a ku Nambuma. Luso lawo lidakhwima pa gulu la zisudzo la Barefeet Theatre, ndipo m'zaka za m'ma 2010 adakhazikitsa Circus Zambia. Sadagule mkango kapena njovu. Chuma chawo chidali matupi awo. Adayamba kusewera molipiritsa, naphunzitsa ana a m'komboni, nawalimbikitsanso kuti asasiye sukulu. M'chaka cha 2018 Chansa adalandira mphoto ya Queen's Young Leaders ku London.

Mbiri imeneyi ikuyankha funso la makolo lija. Luso palokha silidadyetsepo munthu. Kuyambira kwa Astley kufikira ku Chibolya, lidasanduka ntchito pokhapokha patapezeka mphunzitsi wodziwa kupewa ngozi, gulu logwirizana, ndi anthu olipira pakhomo. Ndiponso mawondo ndi msana zimatopa msanga, kotero kuti wosewera wopanda maphunziro amasowa pogwira mphamvu zikatha. Mwana wa pa mchenga uja asakalipiridwe, pakuti luso lake n'lenileni. Koma belu la sukulu likalira, asansemo mchenga m'mutu, atenge mabuku ake.